Ankhoswe a Mayi wa Ndolo

Masiku a chipani chimodzi dziko lathu linalibe wailesi yakanema. Tinkangomva kuti ku Joni anthu amaonera nkhani m'bokosi atakhala pampando m'nyumba mwawo, ife n'kumati amenewo ndi mabodza a matchona. Ndiye alamu anga, amuna a akulu anga, atabwera ndi bokosi lotero pamodzi ndi makina a vidiyo, kajenereta ndi katoni yodzadza matepi, mbiri yake inakwera mapiri onse a kwathu, kuyambira mbali ya Dowa mpaka kutsetserekera ku Ntchisi.

Alamuwo anakhalitsa ku Joni, akuphika m'nyumba ya azungu. Matepi aja anawapatsa ndi dona wa m'nyumbamo, amene ankajambula sewero lina la pa wailesi yakanema sabata ndi sabata mpaka linamukola. Zaka zonsezo akulu anga anali kumudzi, kulima ndi kulera ana. Atabwerera, alamu anapempha chitengwa, abale athu n'kuvomera, ndipo anawatenga akulu anga kukakhala nawo pa kamsika ka m'mbali mwa msewu wopita ku Dowa Boma. Anamanga nyumba ya malata, pansi pa simenti, mawindo a magalasi. Ine ndinali mphunzitsi pasukulu ya pomwepo, choncho nyumba imeneyo ndinkalowamo ngati kwathu.

N'chifukwa chake ndinkadziwa zimene odutsa mumsewu sankadziwa. Anthu awiriwo sankalankhulana. Panalibe ndewu, panalibe kutukwanana, kunali zii basi. Alamu ankadya okha patebulo, ndi foloko, monga anazolowera kuona kwa azungu. Akafuna madzi osamba ankatuma mwana kuti akauze amake, amakewo ali pomwepo. Akulu anga, amene kumudzi kuseka kwawo kunkamveka kutsidya kwa dambo, anayamba kuonda mpaka chitenje kumachita kuzunguliza kawiri. Zinkandipweteka mtima, ndipo tsiku lina ndinawauza kuti apite akadandaule kwa amalume, amene anali ankhoswe awo.

"Ndikati chiyani?" anatero akulu anga. "Sandimenya. Sopo alipo, shuga alipo. Ndikadandaule kuti ndikugona m'nyumba ya malata? Anthu andiseka, ati ndakhuta."

Vuto lake n'lakuti kwathu nkhoswe salowa m'banja asanaitanidwe. Angaone chotani, angamve manong'onong'o otani, amadikira kuti mwini nkhani abwere yekha. Akadziitana amasanduka wopasula banja, ndipo a kuchimuna amatha kumubweza pakhomo. Inenso, mng'ono chabe, sindikanawanenera. Nkhaniyo inayenera kutuluka m'kamwa mwa akulu anga, koma pakamwapo panali potseka.

Kanema uja tinkaonera Loweruka lililonse masana, m'shedi imene alamu ankasungiramo chimanga. M'mawindo ankatsekamo ndi masaka kuti mukhale kamdima, kajenereta kali phuphuphu kuseri. Azibambo ankakhala pamabenchi obwereka, azimayi pamphasa, ndipo m'nyengo yozizira ija fungo la utsi wa m'zovala ndi la mbatata yootcha linkadzadza shedi yonse. Ntchito yomasulira inagwera ine. Amati aphunzitsi ndiwo amva Chingerezi. Chingerezi ndinkachimva ndithu, cha m'mabuku, koma cha anthu amenewa chinkatulukira m'mphuno, n'kumathamanga ngati achedwa basi. Ndinkatolapo theka, theka linalo ndinkaonera nkhope zawo n'kukwaniritsa ndekha. Palibe anadandaulapo.

Seweroli linali la banja lina lolemera koopsa, eni mafakitale a nsalu. Mayina awo anatikanika, ndiye tinawapatsa athu. Panali mdala wa ndodo, mwini chuma. Panali ana ake aamuna awiri odana ngati sanayamwe bere limodzi. Ndipo panali mkazi wa mwana wamkulu, wokongola, wosalankhulalankhula, amene tinkamutchula kuti mayi wa ndolo chifukwa cha ndolo zake zofika m'mapewa.

Mpaka lero chimene chimandisangalatsa ndikakumbukira si seweroli ayi, koma zimene anthu ankaonamo. Ine ndinkayesetsa kufotokoza za kulimbirana fakitale, koma owonera analibe nazo ntchito. Azimayi ankayang'ana patebulo. Banja lija linkakhala pansi kuti lidye, nkhuku yathunthu ili pakati, wina n'kulankhula mawu amodzi, wina n'kutaya kansalu patebulo n'kunyamuka, onse n'kubalalika.

"Nanga nkhuku ija?" ankafuula mayi wina wogulitsa zitumbuwa. "Aphunzitsi, tafunsani, nkhuku ija adya ndani?"

Ena ankadabwa kuti nyumba yaikulu chotero ilibe mlendo wongobwera kudzacheza. Aliyense wogogoda ankabwera ndi nkhani yoipa, ndipo ankayamba kuinena ali chiimire, osapatsidwa mpando, osafunsidwa za kumene wachokera. Bambo wina wa kumpingo kwathu anaona kuti sanaonepo anthuwo akupita kumaliro a mnansi, nafunsa kuti iwowo akadzafa adzawakumbira manda ndani. Mwana wamng'ono wa mdala uja atakalipira atate ake akuwaloza ndi chala, shedi yonse inati "Aaa!" ndipo gogo wina anatuluka kukalavula.

Panalinso za mathalauza. Nthawi imeneyo mkazi kuvala thalauza unali mlandu, ndiye mayi wa ndolo akatulukira atavala lake, azibambo ankayang'ana kwa atcheyamani a chipani kuti aone ngati n'zololedwa kupitiriza. Atcheyamaniwo ankatsokomola n'kunena kuti malamulo athu safika kunja. Koma anthu a m'seweromo akayandikizana milomo, alamu ankadumpha n'kuphimba galasi la bokosilo ndi thaulo, n'kumasuzumira okha kuseri kwake kuti aone ngati zatha.

Amalume anayamba kubwera Loweruka lachitatu kapena lachinayi chiyambireni kanemayo. Ndinadabwa kuwaona, chifukwa kuchokera kumudzi kwathu ndi ulendo wa m'mawa wonse, wokwera ndi kutsika, ndipo iwo bondo linkawavuta. Komanso sanali munthu wa zosangalatsa. Ngakhale wailesi ankati imasokosa. Anafika atavala jekete lawo la kutchalitchi, anapatsana moni ndi alamu mwaulemu wonse, nakhala kumapeto kwa benchi, chipewa pabondo.

Tsiku limenelo mwamuna wa mayi wa ndolo anabwera kunyumba, nadutsa mkazi wake pamasitepe osamuyang'ana. Mayiyo anakalowa kuchipinda n'kuyamba kulira yekha pagalasi.

"Aphunzitsi," anandiitana amalume, poti nawonso ankanditchula choncho akafuna kundiseka. "Kodi ankhoswe a anthu amenewa afika liti?"

Anthu anaseka, koma iwo sankachita nthabwala. Kuyambira pamenepo, mwamuna aliyense wa suti akagogoda pakhomo la nyumba ija, amalume ankawongola msana n'kunena kuti, "Eya, afika tsopano." Ine n'kumvetsera, n'kuwauza kuti ayi, ameneyu ndi loya. Wina n'kubwera. Ameneyunso ndi loya, koma wa mwana wamng'ono. Amalume ankapukusa mutu. Funso lawo linafalikira, moti ana a sukulu ankati mnzawo akayambana ndi wina pa mpira, ena n'kumakuwa kuti ankhoswe afika liti.

Loweruka lina mayi wa ndolo anapita kwa bambo wina wa magalasi, nagona pampando wautali, nayamba kufotokoza mavuto ake onse, bamboyo akungogwedeza mutu. Amalume anasangalala zedi.

"Ameneyu ndiye malume wake?"

"Ayi, amalume. Ndi dokotala."

"Wadwala chiyani?"

"Sanadwale. Ndi dokotala womvetsera anthu akamadandaula."

"Ndi mbale wake wa mbali iti?"

"Si mbale wake. Sadziwana n'komwe."

Kenaka amalume anafunsa ngati dokotalayo apite kukakumana ndi a kuchimuna. Nditawauza kuti sapita, kuti nthawi ikatha mayiyo azipita kwawo n'kudzabweranso sabata yamawa, anangoti, "Ndiye kumeneko n'kuthira madzi m'dengu." Zinawadabwitsa kwenikweni, ndipo kunena zoona inenso zinayamba kundidabwitsa. Ndinali ndisanaganizepo kuti munthu angakhale ndi galimoto zodzadza bwalo koma wopanda khomo limodzi lokagogodapo.

Akulu anga sankakhala pamphasa ndi azimayi anzawo. Ankaima pakhomo la shedi, kuseri kwa saka, ngati munthu wongodutsa amene ali ndi ntchito ina. Koma ndinkawaona. Anthu akamaseka za nkhuku, iwo sankaseka. Mayi wa ndolo akakhala patebulo lalitali lija, mwamuna wake ali kumapeto ena akuwerenga nyuzipepala, ndinkachita manyazi kumasulira, ngakhale panalibe mawu oti ndimasulire. Alamu nawo nthawi zoterozo ankapeza chochita kukajenereta.

Tepi yomaliza tinaionera sukulu zitatsekera, mphepo ya fumbi itayamba. Sitinkadziwa kuti ndi yomaliza. Mayi wa ndolo analongedza sutikesi, natsika masitepe, nyumba yonse ili zii. Anafika pa telefoni, nainyamula, naiyang'ana, naibwezera osaimba. Anatsegula chitseko, naima pakhomo ndi sutikesi yake. Pomwepo galasi linachita mchenga, phokoso lili waaa.

"Ikani ina!" anthu anakuwa.

Alamu anafufuza m'katoni, nabwera manja ali m'malere. Dona uja anasiyira pomwepo kujambula. Kunabuka mkangano woopsa. Ena ankati mayiyo wapita kwawo, ena ankati kwawo kuti, mwamuonapo mbale wake inu? Wa zitumbuwa uja ankati iye akanakhala, chuma chonsecho, mwamuna akhale chete mpaka chaka chamawa. Ena anandiukira ine, ati aphunzitsi mukudziwa mathero ake koma mukutibisira.

Amalume sanalowe nawo mkanganowo. Anadikira phokoso litsike, ndipo polankhula sanayang'ane munthu aliyense, anayang'ana galasi la mchenga lija.

"Mwana uyu wandimvetsa chisoni," anatero. "Akuganiza kuti pokadandaula pamafunika chilonda choonetsa. Ayi. Akanakhala wa kwathu kuno, ndikanamuuza kuti mayi, ngakhale mawu ulibe, ingobwera. Udzakhale pakhonde basi. Zotsalazo ndi ntchito yathu."

Anavala chipewa, natsazika alamu mwaulemu womwe uja, nauyamba ulendo wa kumapiri. Nditacheuka, saka la pakhomo linali likugwedezeka, akulu anga palibe.

Lolemba m'mawa ndinamva odi. Anali akulu anga, atavala nsapato za ulendo. Anangoti, "Tandiperekeza." Sindinafunse kuti kuti. Njira yonse tinkakamba za mtengo wa feteleza ndi za chifuwa cha mwana wawo wamng'ono, ndipo ine ndinkaopa kuti tikafika pamphambano anena kuti tibwerere.

Amalume tinawapeza pabwalo akusema mpini. Akulu anga anagwada, napereka moni, kenaka anapita pakhonde n'kukhala pansi, miyendo atatambasula, maso ali pa zala zawo. Sananene kanthu. Amalume anawayang'ana, naika kasemasema pansi. Anakung'untha tizidutswa ta mtengo pa thalauza, nalowa m'nyumba, natuluka atavala jekete lija. Pamenepo akulu anga anayamba kulira, kulira kokweza kumene ndinali ndisanakumve chichokereni kumudzi, ndipo ine ndinalira nawo, koma kwanga kunali kwa mpumulo.

Ankhoswe a mbali zonse anakumana sabata yomweyo. Zimene zinakambidwa si zanga kuti ndiziulule, ndipo zambiri sindinazimve, poti ine anandituma kukaphika. Alamu anakwiya masiku angapo, makina a vidiyo n'kuwatsekera m'kabati. Banjalo silinasanduke la uchi, ndisakunamizeni. Koma tsiku lina ndikudutsa ndinawamva awiriwo akukangana mokweza za mbuzi imene inalowa m'dimba, aliyense akuponya ake mawu, ndipo ndinafika kusukulu ndikumwetulira ndekha.

Patapita zaka, wailesi yakanema itafika m'dziko muno, amalume anali atakalamba, bondo lija litawakhazika pansi. Ndinapita kukawaona, ndipo pocheza ndinawaseka kuti tsopano tiwagulire bokosi lawolawo, poti paja ankakwera mapiri chifukwa cha azungu a nsalu.

"Azungu?" anatero. "Ine Chingerezi ndimachimva? Mwana wa mlongo wanga ankatha ngati sopo ine ndikuona. Kulowa m'nyumba mwake sindikanatha. Ndiye ndinati ndizikakhala pafupi, pamene angandione."

Ndinaganiza za bondo lija, ndi zitunda zija, Loweruka ndi Loweruka. Iwo anatafuna mtedza wawo pang'onopang'ono, kenaka anandiyandikira ngati akufuna kundiuza chinsinsi.

"Koma aphunzitsi, inu mumayenda m'matauni. Simunamveko? Mwana wa ndolo uja, alipo anamulandira?"