Zaka Zimene Ndinabisala Kukhitchini

Anthu a kuno, kuyambira ku Golomoti mpaka ku Mtakataka, amandidziwa kuti ndine mayi wophika mpunga wa paukwati. Amati ndili ndi mtima wothandiza. Ndikamva choncho ndimangoseka, chifukwa ine kukhitchini sindinapiteko ndi mtima wothandiza ayi. Ndinathawirako.

Zinayamba chaka chimene bambo a ana anga anadwala m'mimba mpaka kukawachita opaleshoni ku Lilongwe. Tinakhalako miyezi iwiri. Mbuzi zinapita, njinga inapita, pomaliza ndinapinyolitsa munda wanga wa mpunga wa ku Bwanje kwa bambo ena ogula mpunga pa Golomoti, amene tonse timangowatchula kuti bambo a sikelo. Pangano linali lomveka bwino. Iwo azilima mundawo mpaka ine nditabweza ndalama yonse, ndipo chaka chilichonse akangoviika mbewu m'madzi ndisanamalize, ndiye kuti dzinja limenelonso ndi lawo. Sanandibere, ndisawanamizire. Ndinapita ndekha ndi miyendo yanga.

Bambo a kunyumba anachira, Mulungu alemekezeke, koma khasu linatenga nthawi kuti aligwirenso. Ndiye ngongole inali pamutu panga. Ndinkakazinga zitumbuwa tsiku la msika, ndinkagwiranso ganyu yowokera mpunga. Musaseke, ganyu ina ndinkaigwira m'munda mwanga momwemo, madzulo bambo a sikelo n'kundilipira ngati mlendo. Tsiku loyamba ndinalira. Lachiwiri ndinakwiya, chifukwa antchito awo ankawokera mizere yokhotakhota ngati mayendedwe a woledzera, ndipo ndinawakalipira mpaka mmodzi anandifunsa kuti, "Kodi mayi, mundawu ndi wanu?" Ndinamuyankha kuti adikire aone.

Pakhomo ndinamanga zinthu zolimba. Sopo ndinkamudula ndi ulusi, kachidutswa kamodzi kathe sabata. Mafuta ophikira ndinkayeza ndi chitsekero cha botolo. Shuga anali wa Lamlungu lokha tikabwera ku tchalitchi, masiku enawa phala tinkalikometsa ndi malambe. Machesi ndinasiya kugula, moto ndinkakapala kwa aneba, ndipo foni yanga inkangodziwa kuflasha basi. Ife amene kale tinkagulitsa mpunga matumba tinayamba kudya wosweka wa kuchigayo. Ana anadandaula mwezi woyamba, kenako anazolowera, wamng'onoyo mpaka ananenepa. Sitinagonepo ndi njala. Kunena zoona, moyo umenewo ndinayamba kuukonda. Mwezi ukatha ndinkapita pa Golomoti ndi kangachepe kanga, bambo a sikelo n'kulemba m'kope mwawo ine ndikuona, ndipo pobwerera ndinkayenda mopepuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni.

Chimene chinkandisowetsa mtendere ndi maukwati. Abale inu, kuno mpunga ukangokololedwa, Loweruka lililonse wina akukwatira. Ndipo ukwati ndiye perekani-perekani. Emusi agwire maiki, akuitane pagulu, nyimbo ilire, iwe uvine uku ukuponya ndalama mulichero anthu onse akukuyang'ana m'manja. Ukwati umodzi wa mwana wa aneba unandidyera phindu la zitumbuwa la masabata awiri. Ndinabwerako ndikudzitukwana njira yonse.

Koma tsiku lomwelo ndinaona kanthu. Amayi ophika kuseri kwa holo, palibe amene anawaitana. Ali mu utsi, ndani angawakumbuke? Kuyambira pamenepo, ndikangomva kuti kwakuti kuli ukwati, ndinkathamangira kwa a komiti: "Ine mundilembe kukhitchini." Ankandiyamika kuti mayiyu ndi wodzipereka. Ine mumtima n'kumati, mukanadziwa.

Pophika pophika ndinadzaudziwa mpunga wa mumphika waukulu, wotheka kusambiramo mwana. Madzi ake sayezedwa ndi kapu, umaimika mthiko pakati n'kuona pamene afika. Akangouma umaphula nkhuni zonse, n'kuika makala pamwamba pa chivundikiro, ndipo wina aliyense wofuna kuvundukula nthawi isanakwane umam'menya dzanja, kaya ndi apongozi a ndani. Mpunga wanga unkatuluka woyoyoka, osati phala. Madzulo tinkagawana zotsala, ndiye ana anga nyama ankaidya Loweruka osagula. Zaka ziwiri zinatha choncho, ndipo ndinali wokhutira.

M'chaka chachitatu mwana wa achemwali anga aakulu anapeza banja. Mwana ameneyu ndi wanga ndithu. Ali ku sekondale ankakhala kwathu, ndipo atayamba ntchito ya zaumoyo cha ku Mua ankabwerabe kudzationa. Anandipezapo kangapo ndikudula sopo ndi ulusi, n'kumandiseka kuti, "Amayi aang'ono, tsiku lina mudzadula ndi mchere womwe."

Achemwali anabwera ndi nsalu ya yunifomu ya ukwati, kuti aliyense wa kuchikazi agule. Ndinaigwira, inali yokongola, ya maluwa obiriwira. Ndinawabwezera.

"Achemwali, ine sindigula. Mundilembe kukhitchini, nkhuni ndibweretsa ndekha."

"Kukhitchini? Ukwati wa mwana wako? Iwe uli ndi manyazi koma?"

"Manyazi ndinawasiya ku Bwanje tsiku limene ndinagwira ganyu m'munda mwanga."

Pakamwa panga sipachedwa, ndimadziwa. Anachoka osatsanzika, nsalu ili m'khwapa. Zinandiwawa, poti tinabadwa awiri okha.

Tsono onani mmene zinthu zinakumanirana. Gawo lomaliza la ngongole linakwana Lachinayi, ukwati uli Loweruka. Ndinathamangira pa Golomoti, koma akazi a bambo a sikelo anati amuna awo apita ku Ntcheu, abwera Lamlungu madzulo, ndipo Lolemba m'mawa aviika mbewu. Ndiye ndalamayo inayenera kufika Lolemba yathunthu, osaperewera ngakhale kobiri. Ikaperewera, dzinja lachitatu lapita. Kuisiya m'nyumba sindikanatha, poti mudzi wonse unali kupita ku ukwati. Ndinaikulunga m'kansalu n'kuimanga m'chiuno, mkati mwa chitenje, mfundo ziwiri. Yapadera ndinali ndi thu handiredi kwacha yokha.

Anadalitsa ukwati m'mawa ku Mua, madyerero anali mu holo ina pa Mtakataka. Ine ndinali pamalo anga, kuseri, ndi miphika inayi. Anthu anadya, mpunga anauyamikira. Ndinali nditangokhala pansi kupala nkhoko pamene ndinamva chimkuzamawu.

"Tsopano tikuitana amayi aang'ono a mkwatibwi! Akuti ali kukhitchini. Atuluke, tiwaone!"

Mayo ine! Achemwali anali atandilembetsa. Anzanga ophika anayamba kundikankha uku akululutira. Ndinalowa mu holo ndi chitenje chonunkha utsi, phulusa m'mapazi, pakati pa anthu onse a maluwa obiriwira. Ndinapita kwa osintha ndalama n'kupereka thu handiredi yanga, anandipatsa timatwente kwacha khumi. Ndinati ndizitiponya pang'onopang'ono, kamodzi n'kuvina kaye, kenanso n'kuzungulira. Koma woimba nyimbo, kaya ndinamulakwira chiyani, anaika nyimbo yosatha. Timapepala tinatha nyimbo isanafike ndi pakati pomwe.

"Aaa, amayi aang'ono, zimenezo n'zotsegulira chabe!" anatero emusi. "Masulani zam'kati! Mwana mwalera nokha uyu!"

Holo yonse inaseka n'kuwomba m'manja. Ndinaona achemwali ataima pambali, manja atapinda, akundiyang'ana. Ndinaonanso akuchimuna atakhala mzere wawo, akudikira kuona kuti akuchikazi ndi anthu otani. Ndisaname, dzanja langa linapita lokha m'chiuno. Mumtima ndinkati, kapepala kamodzi kokha, bambo a sikelo ndikawachonderera. Koma ndinkadziwa kuti bambo aja sachondereredwa, ndipo ukatulutsa kamodzi pagulu lotere, kachiwiri kamatuluka kokha. Mfundo yoyamba ndinali nditaimasula kale.

Mkwatibwi paukwati amakhala phee, maso pansi, kuimirira pokhapokha auzidwe. Koma mwana uja anadzuka pampando, diresi likukhwekhwerezeka, n'kubwera molunjika kwa ine. Anandigwira manja onse awiri, gwa, n'kuyamba kuvina nane. Anthu anakuwa ndi chimwemwe, ankaona ngati ndi chikondi chabe cha mwana ndi mayi ake. Ndinayesa kusolola dzanja, iye anafinya kwambiri. Kenako anabweretsa pakamwa pake kukhutu kwanga.

"Amayi, musamasule. Ndikudziwa za Lolemba, bambo aang'ono anandiuza. Ine mphatso yanga ndi thumba limodzi la mpunga, koma wa m'munda mwanu, osati wogula."

Ndinavina nyimbo yonseyo misozi ikutsika, manja ali m'manja mwake, magolovesi ake oyera akuda ndi mwaye wanga. Anthu ena anadzuka n'kumatiponyera ndalama tonse awiri, moti lichero linadzaza ngakhale ine sindinaponyenso kanthu. Nyimbo itatha ndinathawira kuseri n'kumanganso mfundo ija, ulendo uno katatu.

Lolemba ndinafika pa Golomoti dzuwa lisanatenthe. Thumba la mbewu linali kale pakhonde, mbiya ya madzi pambali. Bambo a sikelo anawerenga ndalama kawiri, akunyowetsa chala, kenako anadula mzere m'kope muja.

"Mayi, ndimaganiza kuti ukwati uja ukuthandizani kuchedwa," anatero akuseka.

"Inenso ndimaganiza choncho," ndinawayankha.

Mbewu yawo ija anandigulitsako pang'ono, ndinalipira ndi zitumbuwa za msika wotsatira. Tsiku lowokera, ndili chiweramire m'matope, ndinamva munthu akulowa m'madzi kumbuyo kwanga. Anali achemwali, atakwinya chitenje cha maluwa obiriwira chija mpaka m'mawondo. Sanapepese, inenso sindinapepese. Anangoti, "Tapatse mbande, mizere yako ikukhota." Mizere yanga siikhota, koma ndinawapatsa.

Kukhitchini sindinachokeko mpaka lero, ndinakuzolowera, ndipo sopo ndimamudulabe ndi ulusi ngakhale ana amandinena. Chaka chimenecho mpunga unachita bwino. Thumba loyamba sindinalole kuti likwere pa sikelo ya munthu aliyense. Ndinalipuntha, kulipeta ndi kulisoka ndekha, bambo a kunyumba n'kulimanga pa njinga yobwereka, ndipo tinaikankha awiri mpaka ku Mua. Mwana uja atatsegula chitseko anali ndi pakati pooneka kale. Anamasula thumba, n'kutapa mpunga kudzaza manja, n'kuununkhiza.

"Ndi wa m'munda mwanu, amayi?"

"Wa m'munda mwanga, mwanawe."