Agogo Ankaluma Kaye Kansonga

Fungo la chinangwa choviika likandipeza pamsika, anthu ena akutseka mphuno, ine ndimaona agogo aNambewe atawerama m'madzi a nyanja ya Chia, nsalu atapindira m'mawondo, akuvuula mizu yofewa ngati nthochi yakupsa n'kumaponya m'dengu loti ndisenze ine. Ndinakulira m'manja mwawo. Kusenda ndi ine, kuyanika pathandala ndi ine, kuingitsa mbuzi ndi ine, mpaka kusinja ufa wa kondowole manja atachita matuza. Sindinkadandaula, chifukwa agogowo anali anga ndekha.

Kenaka kunabwera Zione, msuweni wanga wa ku Dwangwa kuminda ya nzimbe, mayi ake atamwalira. Matipate anali atangoyamba kumene, sukulu n'kukhala yaulere, moti tinkaphunzira mothinana pansi pa mtengo wa mango. Zione anafika ndi nsapato zapulasitiki ndi mimba yozolowera ufa wachimanga. Nsima ya kondowole ankangoiyang'ana, ati ikumukakamira pakhosi. Mwana wa kushuga!

Agogo anayamba kumuotchera manyokola, chinangwa chosawawa cha kuseri kwa nyumba, chomwe ine ndinkachilawa mwa apo ndi apo. Koma chimene chinkandipweteka sichinali chinangwacho ayi. Asanamupatse, agogo ankaluma kaye kansonga, kutafuna pang'ono, n'kunena kuti, "Idya mwanawe, chili bwino." Changa ankangondiponyera chathunthu. Zaka zonse zija sanandilumirepo n'kamodzi komwe, ndipo nsanje inandidya mpaka ndinkadana ndi kulira kwa nsapato zake pabwalo.

M'mawa wina agogo akupita kudooko anandiuza kuti, "Tamala, ukumbe manyokola, umuotchere mnzakoyu musanapite kusukulu." Ndinatenga khasu, koma kuseri ndinangodutsa. Ndinalowa m'munda wa gomani, chinangwa chowawa chimene sichidyedwa chisanagone m'madzi masiku angapo. Ndinkadziwa bwino kuti chosaviika chimaledzeretsa ndipo chimapha, popeza mbuzi ya oyandikana nawo inafa tikuona itadya makoko ake. Mumtima ndinkati ndingofuna asanze basi, agogo aone kuti mwana wawoyo ndi wa chabechabe.

Ndinachiotcha bwinobwino, kupala phulusa, n'kumupatsa chikufuka utsi.

"Idya msanga, tichedwa."

"Ndidikira agogo alume kaye," anatero Zione, atachigwirizira pa tsamba la nthochi.

Ndinamunyengerera, ndinamunyoza kuti ndi khanda, koma iye kakaka. Tili mkati molimbana, agogo anatulukira ndi dengu pamutu. Analandira chinangwacho, analuma, anatafuna kamodzi kokha, n'kulavulira pambali. Nkhope yawo sinasinthe.

"Ichi sichinapse bwino, Zione. Tichitaye, ndikuotchera china."

Kusukulu tsiku limenelo sindinamve kanthu. Masana agogo anandiitana kuti tikavuule chinangwa awiriwiri, ndipo titalowa m'madzi anayankhula osandiyang'ana.

"Ukudziwa chifukwa chake sindinkakulumira iweyo?"

Ndinangopitiriza kuvuula mizu.

"Iwe gomani umamuzindikira ndi tsamba lomwe, uli poteropo. Ndinakuphunzitsa ndine. Mnzakoyu sadziwa kanthu, angadye chilichonse chimene wapatsidwa."

"Ndinasokoneza mizere, agogo."

"Usandinamize, Tamala. Mwana wa wina aliyense angasokoneze, koma osati iwe."

Sanandimenye, ndipo sanauze munthu, ngakhale amalume, bambo ake a Zione, atabwera kudzaona mwana wawo. Koma kuyambira tsiku limenelo, chinangwa chilichonse chodutsa m'manja mwanga ankachiluma kaye, cha Zione, cha alendo, ndi changa chomwe. Chimene ndinkachilirira ndinachipeza, koma chinkandiwawa kuposa gomani. Ndinakumba zaka zina zisanu ndi chimodzi ndikuyembekeza tsiku loti adzandiponyerenso chathunthu osalawa. Anamwalira lisanafike.

Zione mpaka lero sadziwa. Akamasimba za agogo maso ake amawala, amakumbukira chikondi chokhachokha, ndipo sindibisa, nsanje imandigwirabe, chifukwa iye anatsala ndi agogo amene sanamukayikirepo. Akabwera kudzacheza ndimaotcha manyokola, ana anga atazungulira mbaula, ndipo aliyense ndimamulumira kansonga. Zione amaseka, amati ndinatengera agogo. Chake ndimaluma kawiri ndisanamupatse, ndipo amadya osachiyang'ana n'komwe.