Nambala Yaikulu, Kamera Yaing'ono

M'zaka zija za mavuto a zachuma, mtsikana wa ku Empumalanga, dera la anthu wamba m'tauni ya Hwange, akakwera galimoto ya ku Joni, panalibe wofunsa kuti akukatani. Aliyense ankadziwa: kukakolopa m'nyumba za eni ndi kulera ana a eni. Emeliya Kamwendo nayenso anaikwera galimoto imeneyi m'chaka cha 2009. Inu owerenga, kodi mungalote chimene anakachita kumeneko? Sungani kaye yankho lanu, mumve kumene anachokera.

Loweruka lina mu Meyi 2007, Emeliya anatuluka pa ukwati akulira, anthu akumuseka kumbuyo.

Mayi ake anali atamwalira. Mayeso a Fomu 4 anawalephera kawiri. Bambo ake, a Obedi, mwana wa makolo ochokera ku Dedza, anakumba malasha mumgodi wa Hwange zaka makumi atatu, ndipo Loweruka ndi Lamlungu ankajambula anthu pa maukwati ndi pa ubatizo. Tsopano ng'ala zinali zitawaphimba maso, filimu nayo itasowa m'masitolo. Chuma chimene anasiyira mwana wawo chinali chimodzi: luso logwira kamera.

Emeliya anagulitsa makina osokera a malemu mayi ake kuti agule kamera yamakono, yosafuna filimu. Anatuma azakhali ake, a Letty, amene ankaoda katundu ku Francistown ndi ku Livingstone.

"Ndikakugulire yotani? Ine za makamera ndi mdima," anatero a Letty.

Emeliya anakumbukira a Robson, wojambula wotchuka m'tauni yonse. "Ya a Robson yalembedwa Canon 350. Inu mukapeze ya Canon yomweyo, koma ya nambala yoposa pamenepo."

Azakhali anabwerako mapewa ali m'mwamba. "Ndapeza 530, mwana iwe! Yotchipanso!"

Kamerayo inali yaing'ono, yokwana m'dzanja limodzi. Emeliya sanadandaule. Masiku amenewo foni ikachepa m'pamene inkadula, ndiye anaganiza kuti makamera nawonso ndi chimodzimodzi. Anapita kwa a komiti ya ukwati wina wa kumpingo nawauza mosaphethira kuti kamera yake ikuposa ya a Robson. Anamupatsa ntchito.

Tsiku la ukwati a Robson anabwera ngati mlendo wamba, koma chikamera chawo chakuda chili lende pakhosi. Ataona chimene Emeliya anatulutsa m'chikwama, anafuula kuti onse amve.

"Hawu, sisi! Wabwera kudzajambula kapena kudzasamba? Taonani kasopo!"

M'tchalitchi munali mdima, ndipo zithunzi zoyamba zinatuluka zosaoneka bwino. Wapampando wa komiti anaziyang'ana pa kagalasi ka kumbuyo napukusa mutu. "Mwana wa a Obedi, ukwati sabwereza. A Robson, tithandizeni."

Madzulo ake a Letty sanazungulire. "Zalephereka. Ku Joni kuli banja likufuna wantchito. Madalaivala akabwera pa Khirisimasi, pobwerera mu Januwale akutenga."

"Nanga ababa?"

"Achimwene tikawapereka kunyumba yosungirako okalamba. Ine ndimagona m'misewu, sindingawasamale."

A Obedi anamva zonse ali khuma pampando wawo. Mlongo wawo atatuluka, anatambasula dzanja. "Tandipatsa kasopo kakoko." Anakapapasa ndi zala mbali zonse. "Werenga zonse zalembedwapo."

"PowerShot A530."

"Nanga ya Robson yalembedwa chiyani?"

"Sindinawerenge zonse, ababa. Ndinangoona nambala."

"M'pamene pagona nkhani. Munthu sumudziwa ndi nambala ya nyumba yake, mwanangu. Umayamba wafunsa kuti ndi wa kwa yani. Safunsa anadya phula. Pita ukafunse."

Koma akafunse kuti? Ku Hwange wodziwa anali a Robson okha. Emeliya anapempha azakhali ake kuti aziwanyamulira katundu mpaka pa mlatho wa Victoria Falls. Iwo akawolokera ku Zambia, iye ankatsala tsiku lonse pamene alendo odzaona mathithi amatsikira m'mabasi, aliyense kamera pakhosi. Anatenga kope lake lakale la masamu, nayamba kulemba dzina lililonse la Canon limene maso ake anaona.

Ena ankamuyesa wakuba n'kufumbata makamera awo. Mlonda wina anamuthamangitsa katatu. Chingerezi chake chinali chopunduka, koma funso lake linali limodzi, ndipo analiloweza bwino: kamera yanuyi dzina lake lonse ndi chiyani, ndipo imatha chiyani? Pa alendo khumi, awiri ankayankha. Dalaivala wina wa basi ya alendo anamumvera chisoni, nayamba kumusungira magazini a zojambula amene alendo ankasiya pamipando.

Kunyumba ankawawerengera bambo ake pang'onopang'ono, chala chili pamzere. Miyezi itatu itatha, mayina aja anayamba kulongosoka m'mutu mwake.

"Ababa, ndi mabanja! Kuli banja la EOS, makamera akuluakulu amene galasi lake la kutsogolo limachotsedwa n'kuikapo lina. Kuli la IXUS, topyapyala tolowa m'thumba la malaya. Ndiye kuli la PowerShot. Ya a Robson dzina lake lonse ndi EOS 350D. Ine ndinayerekeza nambala za mabanja awiri osiyana."

A Obedi anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye kuti unati nyumba nambala 530 ya kuno ku Empumalanga ikuposa nyumba nambala 5 ya mabwana ku Baobab!"

"Komanso m'banja la EOS nambala zimayenda chafutambuyo. Yaikulu koposa ndi 1D, kenako 5D. Pansi pake pali 30D. Za manambala atatu, ngati 350D ndi 400D, ndi za oyamba kumene."

"Monga kumgodi," anatero a Obedi. "Bwana wamkulu mmodzi, akapitawo makumi, ife okumba mazanamazana. Kani Robson ndi wokumba mnzanga?"

"Ndi wokumba mnzanu, ababa."

Tsiku limenelo m'nyumbamo munamveka kuseka kumene kunasowa chaka chathunthu.

Emeliya anaphunziranso za kamera yake yomwe. Makamera a PowerShot oyamba ndi chilembo cha A anapangidwira anthu wamba: m'nyumba ya mdima amafooka, koma panja powala amajambula bwino. Chachikulu china, satchajidwa pa magetsi. Amadya mabatire ang'onoang'ono awiri, omwe aja a m'kawailesi. Anapempha a Letty kuti azimugulira mabatirewo ku Livingstone, ndipo tsiku lililonse ankajambula ana a oyandikana nawo pamthunzi ndi padzuwa, kufikira atadziwa ola limene nkhope yakuda imaoneka bwino koposa.

Komabe ntchito sinabwere. Dzina loti Kasopo linamumatirira, ngakhale makondakitala a makombi, maminibasi a kumeneko, ankamuitana choncho. Disembala anafika, madalaivala a ku Joni anayamba kuoneka m'misewu, ndipo a Letty anamugulira chikwama cha paulendo.

Sabata ya Khirisimasi kunali ukwati waukulu ku Baobab, wa mwana wa mkulu wina wa kumgodi. Wojambula anali a Robson. Emeliya anapitako ndi amayi a Mvano kukathandiza kutsuka mbale. Magetsi anali atazima masiku atatu, m'tauni yomwe imaotcha malasha ounikira dziko lonse.

Akwati akutuluka m'tchalitchi, chikamera chija chinazima. A Robson anachotsa batire, kulipukuta pa malaya, kulibwezeramo. Zii. Batire la kamera yotero ndi lakelake, ndipo limafuna magetsi.

Mayi a mkwatibwi anagwira m'mutu. "Mwana wanga akwatiwe popanda chithunzi?"

Emeliya anapukuta manja pa chitenje. "Amayi, ine ndili nayo kamera."

"Kasopo kaja?" wina anatero, anthu n'kuyamba kuseka.

"Komweko. M'nyumba sikatha, sindikunamizani. Koma mukandipatsa akwati panja, pansi pa mlambe uwo, dzuwa lisanafike pamutu, mudzaona."

Panalibenso kuchitira mwina. Emeliya anawaimika monga ankachitira bambo ake, nkhope zitayang'ana kowala, ndipo anajambula mpaka mabatire asanu ndi atatu atatha. M'mawa mwake anakwera kombi kupita ku Victoria Falls, kusitolo yokhala ndi jenereta, kukatsukitsa zithunzi.

Mayi a mkwatibwi aja atatsegula envulopu anayang'ana zithunzizo chimodzichimodzi. Kenako anafunsa, "Mwanawe, Loweruka likudzali uli ndi zochita? Mng'ono wanga akubatizitsa mapasa."

Januwale atafika, dalaivala wa ku Joni anaimba hutala pakhomo. A Letty anatuluka okha. "Pitani, malume. Uyu ali ndi maukwati mpaka Isitala."

Chaka cha 2008 chinali chowawa kuposa zonse, koma anthu ofuna ziphaso zotulukira m'dziko ankafuna zithunzi, ndipo magetsi akazima wojambula wotsala m'tauni anali Emeliya. Tsiku lina dalaivala wa basi ya alendo uja anabweretsa kamera imene mlendo wa ku Amereka anamusiyira ngati mphatso. Anayamba waipititsa kwa a Robson, iwo n'kuikana.

"Akuti ndi yabodza," anadandaula dalaivalayo. "Akuti ilibe nambala, yangolembedwa Rebel XT."

Emeliya anatsegula kope lake namuonetsa mzere wina. "Si yabodza, achimwene. Kamera imodzi amaitcha mayina osiyana malinga ndi dziko. Ku Amereka ndi Rebel XT, kuno ndi 350D. Ndi yomweyo ya a Robson. Musaigulitse motaya."

Munthuyo anamuyang'ana modabwa. "Ukanakhala chete ukanaitenga ndi mtengo wa nkhuku. Ndigulitsa kwa iwe, uzindipatsa pang'onopang'ono."

Mbiri inawanda. Aphunzitsi, abusa, eni malo ogona alendo, aliyense wofuna kamera anayamba kufika pakhomo la a Obedi. Emeliya sankayamba ndi nambala. Ankafunsa kuti: mukufuna kujambula chiyani, ndipo kwanu magetsi alipo? Tsiku lina anagogoda a Robson, chipewa chili m'manja.

"Sisi, pakati pa 450D ndi 40D, ndigule iti?"

A Obedi anayankha ali m'nyumba. "Khalani pansi, a Robson. Kasopo akusambitseni m'maso."

Inu amene mwalephera mayeso, inu amene anthu anakupatsani dzina lachipongwe, tamverani. Emeliya analakwitsa pamaso pa mpingo wonse chifukwa chosadziwa, koma kusadziwa ndi matenda ochizika. Anafunsa, anathamangitsidwa, anabwereranso kukafunsa. Chimene muli nacho m'manja, ngakhale chichepe bwanji, chili ndi ntchito imene chimatha kuposa zinzake. Ifufuzeni ntchitoyo. Musataye mtima, ndipo musachite manyazi kufunsa.

Nanga ku Joni kuja anakatani? Mu Ogasiti 2009 Emeliya anapita kukagulira anthu a ku Hwange makamera asanu ndi anayi, iliyonse yoyenera ntchito ya mwini wake. Ananyamuka Lolemba, ndipo Lachisanu anali atabwerera kwa bambo ake.