Theka la Piritsi

Koleji itaona kuti ine ndi mayeso sitimvana, inandilola kubwerera kwathu mwaulemu wonse. Azakhali anandipezera ntchito panyumba ya asisitere yosungirako okalamba, kumapiri kupitirira Madisi. Udindo wanga unali waukulu. Phala la m'mawa likatha, asisitere, omwenso anali namwino, ankaika mapiritsi a aliyense m'kakapu kake, ine n'kumaperekera ndi madzi. Ndinkayenda ngati ndanyamula ukaristiya.

Pakhonde pankakhala madoda awiri osasiyana: akatekisiti opuma, odwala kuthamanga kwa magazi, ndi mnzawo wa bawo, mlimi wa fodya wa ku Chisepo. Alimiwa analibe nthenda ina kupatula ukalamba, choncho analibenso kakapu.

Koma alimi omwewa anayamba chizungulire, ndipo tsiku lina anagwa pafupi ndi mjigo. Asisitere atawayeza anapeza kuti magazi akuyenda mofooka kwambiri. Anati akagwanso akhoza kuthyoka chiuno, ndipo pamsinkhu umenewo munthu sadzukanso. Tinakayikira dzuwa, njala, ngakhale kachasu, koma iwo analumbira kuti anasiya kalekale.

M'mawa wina asisitere anaima kuseri kwa chitseko. Nditangopereka kakapu n'kutembenuka, akatekisiti anathyola piritsi ndi chikhadabo, theka n'kuponya m'kamwa, theka n'kupereka ndi manja awiri. Mnzawoyo anaomba m'manja n'kulandira.

Atafunsidwa, akatekisiti sanachite manyazi. Anati chibadwire sanadyepo kanthu mnzawo akungoyang'ana, ndipo sangayambire panyumba ya Mulungu.

"Achimwenewa angokhala kukamwa kuli mbuu, ine ndikumeza? Asisitere, kodi munaleredwa kuti?"

Alimi nawo anati kukana chopatsidwa ndi manja awiri n'chipongwe, ngakhale chikhale chowawa ndiponso chozunguza dziko.

Asisitere anafotokoza kuti mmodzi akumwa mankhwala osakwana, winayo akumwa osamuyenera. Onse anagwedeza mutu, kugwedeza kwaulemu kuja kotanthauza kuti mawa tichitanso. Asisitere anakudziwa. Analamula kuti ndiziima pomwepo mpaka piritsi litamezedwa, ndi kuti alimi akhale ndi kakapu kawo, m'kati muli njere imodzi ya mtedza wokazinga.

Chizungulire chinatha, ndipo sanagwenso. Kungoti m'mawa uliwonse alimi ankagawa njereyo pakati n'kupereka theka kwa akatekisiti, omwe tsopano ankayamba andifunsa ngati achipatala akuloleza. Ine, monga munthu amene anafikako ku koleji, ndinkaiyang'anitsitsa kaye njereyo mbali zonse, kenako n'kuloleza.