Zaka Zoyang'ana Pansi

Tsiku lililonse bambo anga akafika pageti la kampani ya makombola, amakhuthula m'matumba: makiyi, foni, zonse m'kabokosi ka alonda. Kenako amagwira chitsulo chomwe chili pakhomo la shedi, kuti thupi lisalowe ndi mphamvu yoyambitsa moto. Chizolowezicho chinafika mpaka kunyumba. Amayamba agwira loko asanalowe m'khitchini, amayi n'kumawaseka kuti mbale siziphulika.

Kampaniyo imawombera makombola pa maukwati akuluakulu ndi m'mabwalo a masewera m'chigawo chonse. Bambo amalumikiza mawaya kumapaipi omwe makombolawo amatulukiramo. Chionetsero chikayamba, lamulo lawo ndi limodzi: maso pansi. Amawerenga mapaipi amene aphulika, chifukwa imodzi ikatsala ndi moto m'mimba ikhoza kupha wodzainyamula. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, anthu akukuwa ndi chimwemwe kumbuyo kwawo, iwo ankangoona udzu ukusintha mtundu.

Chaka chatha maso awo anayamba kuchita chifunga. Kuchipatala anati ndi ng'ala, koma bambo anakana opaleshoni. "Mpeni m'diso? Ayi ndithu."

Tsiku lina nditawapititsira chakudya, ndinawamva akulankhula ndi abwana awo.

"Bwana, pachionetsero cha Lachinayi lino ndikaime ndi anthu oonerera."

"Mwakalamba eti, madala? Tikuikireninso mpando wa mlendo wolemekezeka?"

"Ndingoona kamodzi kokha zimene ndakhala ndikutumiza kumwambako."

Abwanawo anasiya kuseka. "Pitani. Koma musakawerengere anzanu mapaipi."

Lachinayi dzuwa litangolowa tinaima kuseri kwa chingwe chotchingira anthu, bambo atavala jekete lawo labwino. Loyamba mwa makombolawo litaphulika, anadzutsa mutu pang'onopang'ono, ngati khosi likukana.

"Lofiira limenelo," anatero. "Likubwerali ndi lagolide, lotsika ngati mvula."

Sankaphonya, koma ndinazindikira kuti ankatchula lisanaphulike. Ndandanda wonse unali m'mutu mwawo. Kenako anandigwira mkono.

"Mwanawe, lamwazika bwanji? Lili ndi mizere?"

"Simukuliona, bambo?"

"Ndikuona kuwala kokha, ngati nyali kuseri kwa katani."

Ine si munthu wa mawu ambiri, koma ndinayesetsa. Ndinawauza za lobiriwira lomwe linagawika patatu, ndi loyera lomwe linachedwa kuzima ngati laiwala kugwa. Ankangoti, "Ehe, kenako?" Mawu anga ankafika litazima kale. Sanatsitse mutu mpaka lomaliza, ndipo anthu atayamba kubalalika iwo anali chiimire, akuyang'ana utsi.

M'mawa mwake sanapite kushedi. Anandidzutsa kuti ndiwaperekeze kuchipatala cha maso, ndipo tinakhala pabenchi mpaka dzuwa kufika paliwombo. Anamwino atawaitana, bambo anavula chipewa.

"Ndilembeni, mayi. Ndabwera za mpeni zija. Kungoti mundiuze: chionetsero chachikulu chili miyezi itatu ikubwerayi. Ndidzakhala nditachira?"