Muyezo umene ndinawanamiza bambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili Sitandade 8, pamene ndinawanamiza bambo anga rula ili m'manja. Nthawi imeneyo pakhomo pathu pa Njuli tinali awiri basi. Amayi anali atamwalira, ndipo azing'ono anga awiri anali atatengedwa ndi amayi aakulu kupita nawo ku Mauwa. Ine ndinatsala chifukwa ndinkatha kuphika ndi kutunga madzi.

Bambo sanali munthu wa nkhani. Kuseri kwa nyumba anali ndi kachisakasa ka malata momwe munali makina akale osemera zitsulo. Makinawo amazunguza chitsulo, ndipo kampeni kolimba kamachisenga pang'onopang'ono mpaka chitafika pa saizi yofunika. Anyamata a kabaza ankabwera ndi zitsulo za njinga zodyeka, eni zigayo nawonso ankabwera ndi zawo. Bambo ankangogwedeza mutu n'kunena tsiku lodzatenga. M'nyumba tinkadya mwakachetechete ngati alendo okumana pa depoti.

Panali ntchito imodzi yokha imene inkawatsegula pakamwa. Nsonga ya mpeni iyenera kukhala pakati penipeni pa chitsulo chozunguliracho. Ikakwera, mpeni umangokhula n'kumalira. Ikatsika, umasiya kamchombo pakati. Chopanira mipeni cha makina athu chinali chachikale, chopanda pokwezera kapena potsitsira, choncho posintha mpeni tinkaika timalata pansi pake, todula ku zitini zakale. Maso a bambo anali atayamba kuchita nkhungu, ndiye ndikaweruka kusukulu ndinkaponya chikwama n'kuthamangira kuchisakasa. Ndinkawerama, diso limodzi nditatsinzina, iwo akulowetsa timalatato.

"Bwanji pamenepo, Rozina?"

"Onjezerani kamodzi kopyapyala, ababa."

"Diso limeneli ndi la amako," ankatero, ndipo nkhani inkayambira pomwepo. M'fungo la oyilo wotentha ndi mmene ndinamvera kuti amayi ankapalasa njinga kuposa anyamata, ndi kuti tsiku la ukwati wawo mvula inanyowetsa kwaya yonse. Mpeni ukakhala bwino, makina ankalira ndipo nkhani inkatha. Ine ndinkachita dala kuchedwa kupeza pakati.

Mwezi wa Okotobala abambo anga aang'ono, a Fabiano, amene ankagwira ntchito ku Joni, anatumiza zithunzi pa foni. Anali atapeza zopanira zamakono. Mpeni uliwonse umakhala ndi kachikwama kakekake kachitsulo; ukausintha msinkhu kamodzi ndi kanati, basi, mawa ungotsetsereka pamalo pake n'kukoka chogwirira. Zinalipo za mitundu iwiri: china chimangokankha kachikwamako ndi kabatani, china chimakakokera pansi n'kukamanga gwa. Bambo analingalira masiku atatu, foni ataiyandikiza pamphuno, n'kusankha chachiwiricho chifukwa mpeni umabwerera penipeni pomwe unali.

"Mphindi imodzi siikwana," anatero. "Timalata toto."

Anaseka. Kanali koyamba kuwamva akuseka chimwalirireni amayi, ndipo kusekako kunandipweteka. Chitsulo cha ku Joni chinali chitawaseketsa, ine wokhala nawo tsiku ndi tsiku ndinali ndisanathe. Ndinaona kuti chikangofika, sadzandiitananso kuchisakasa, ndipo tidzatsala ndi chete wa m'nyumba uja.

Chinatsala ndi saizi. A Fabiano anati tiyeze kuchokera pamene chopanira chimakhala kukafika pakati pa chitsulo, chifukwa chachikulu sichingatsike mokwanira pa makina aang'ono. Bambo anandipatsa rula yachitsulo. Inaonetsa mamilimita 22, mooneka bwino ndithu.

"Sate-thuu, ababa," ndinatero, kutchula 32 dala.

"Waonetsetsa?"

"Eya."

Sanayezenso. Anatumiza nambalayo momwemo.

A Fabiano ankabwera kamodzi pa chaka, pa Khirisimasi. Anafika ndi chopaniracho chitakulungidwa m'pepala lamafuta, chakuda, chonyezimira, cholemera ngati mwala. Bambo anasamba m'manja asanachigwire. Anachimanga pa makina, natsitsa kanati mpaka pansi penipeni, koma nsonga ya mpeni inali pamwamba patali. Anayesa kachikwama kena. Chimodzimodzi. Kenako anatenga rula, anaika chikhadabo pamuyezo, natuluka nayo padzuwa. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Pobwera anandiyang'ana ine, kamodzi kokha.

"Achimwene, munayeza bwanji?" anafunsa a Fabiano, nkhope itagwa. "Maso amenewa pitani nawo kuchipatala."

"Ndakalamba basi," anayankha bambo. "Rozina, tenga chitini cha timalata."

Ndinali nditapambana, koma sindinamve kukoma. Tinapitiriza ntchito yathu ija, ine kuwerama, iwo kulowetsa timalata. Sanandikalipire, sanandifunse. Ine ndi amene ndinasiya kufunsa za amayi, chifukwa cha manyazi. Nkhani zimene ndinanamira kuti ndizisunge ndinaziumitsa ndekha.

Mayeso atatuluka, ndinasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko. Sabata yomaliza bambo anandiuza kuti tiyeze mipeni yonse umodziumodzi, ndipo timalata ta mpeni uliwonse tinatimanga ndi ulusi wamtundu wakewake, kuti azitha kutipeza okha. Tikumanga komaliza, analoza pashelefu pomwe panali pepala lamafuta lija.

"Chija ndinkachifunira masiku akubwerawa," anatero. "Ndinkadziwa kuti udzakhoza."

Ndinalira, koma mawu oti pepani sanatuluke. Iwo anangondipukuta oyilo pachala ndi kansanza kawo.

Ulusi sunathandize kwenikweni. Mpeni ukanoledwa msinkhu umasintha, ndipo timalata timafunika tina. Pa holide yoyamba ndinapeza zitsulo zoonongeka zitaunjikidwa pakona, zambiri zili ndi kamchombo pakati. Eni zigayo anayamba kupita ku Limbe. A Fabiano analonjeza kubweretsa china, koma ntchito inawathera chaka chimenecho. Ndikumaliza Folomu 4, makina anali atafunditsidwa chiguduli, bambo akukhala pakhonde tsiku lonse kumvetsera njinga zikudutsa.

Anamwalira zaka zitatu zapitazo. Chopaniracho chili kwanga kuno, m'pepala lake lomwe lija, sichinasemepo chitsulo ngakhale chimodzi. Ndili mwana ndinkaganiza kuti bambo akufuna chinthu choti chindichotse pambali pawo. Lero ndikudziwa kuti ankakonzekera kukhala okha kuti ine ndipite kusukulu mtima uli pansi, ndipo kuseka kuja kunali kwa munthu amene wapeza njira yoti asamange mwana wake pa makina. Ndinkaopa kusungulumwa kwanga, kwawo sindinakuone n'komwe. Anandikhulupirira pa chinthu chimodzi chimene sakanatha kuona okha, ndipo ine ndinawonjezera mamilimita khumi.