Akulu Olengeza Pachulu

Akulu amene amalengeza mauthenga m'mudzi mwathu kuno ku Kachebere anali ndi mawu oti akalengeza maliro pachulu, anthu a ku Chipata ankayamba kulira. Chabwino, ndanama, koma kumadimba ankamvekadi.

Lero minofu yawathawa. Mikono imene inkanyamula mabelo a fodya ikusambira m'malaya, ndipo mawu nawonso aonda, angotsala ngati kamphepo kodutsa m'mapesi. Amakonda kukhala pamthunzi, maso ali kuphiri, milomo ikuyenda yokha ngati akuitana anthu amene anapita kalekale. "Mmero ndi mnofu, mphwanga," amatero, "umakalamba ndi mwini wake."

Komiti ya m'mudzi itayamba kukamba zogula chimkuzamawu n'kupatsa wina ntchitoyi, akuluwa anandituma kudimba kuti ndikamvetsere ngati mawu akufikabe. Ndinawaona akukwera chulu pang'onopang'ono, n'kuika manja kukamwa. Sindinamve kanthu, koma ndinabwerera chothamanga.

"Akulu, mawu alipo! Njiwa zabalalika, ng'ombe ya Alufeyo yadula chingwe!"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka mopanda phokoso.

"Bodza lakoli, iwe. Ine pamwamba paja ndinangoyasamula. Kawauze agule chinthu chawocho."